Purato ya China pa bateria: kusankha, kumanga ndi kamenyedwe kake

Mwa mapurato onse, mbale zamkuwa zomenya ndi ndodo zija, amene woimba bateria (ng'oma za bandi) angamange patsogolo pake, ya China ndiyo imagawanitsa anthu. Crash, purato yomenya potsindika, palibe amadana nayo. Ride, yogogoda posunga kugunda kwa nyimbo, imangoyenda zake osayambana ndi munthu. Koma ya China ikalira kamodzi m'tchalitchi, amayi a kwaya amacheuka, ena akumwetulira, ena atakwinya nkhope. Ine ndili m'gulu la oikonda, ndipo ndikulembera inu achimwene ndi achemwali amene mumaimba bateria m'mipingo ndi m'mabandi a kuno kwathu, kuyambira ku Ulónguè, Dómuè, Tsangano ndi Furancungo mpaka kutsikira ku Moatize ndi ku Tete, amene mwaiona m'mavidiyo ndipo mtima wayamba kuikhumba. Purato imeneyi ili ndi khalidwe lakelake. Ntchito yake ndi kunena liwu limodzi lamphamvu n'kukhala chete, kusiyira malo oimba. Zonse ndifotokozezi, kagulidwe, kamangidwe ndi kamenyedwe, n'zoti liwu limodzilo lituluke bwino komanso pa nthawi yake.

Muidziwe kaye ndi maso, kenako ndi khutu

Gonekani crash ndi purato ya China pamodzi muone. Crash imatsetsereka mofatsa kuchoka pa mutu wake wozungulira mpaka m'mphepete. Ya Chinayo imayamba chimodzimodzi, koma itatsala pang'ono kufika kumapeto imapindika n'kukwezera mlomo m'mwamba. Popindikirapo tipatche phewa, ndipo mupakumbukire, chifukwa ndodo yanu izikagwera pamenepo. Mutu nawo ndi wosiyana. Pa zopangidwa mwachikale umakhala waung'ono, woimirira, wophwatalala pamwamba, poti kwawo ku China mapurato otere amagwiridwa m'manja pa mutupo, awiri n'kumawombanitsa m'zisudzo ndi m'magule a m'misewu. Oimba jazz oyambirira a ku New Orleans, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, anawatenga n'kuyamba kuwapachika pambali pa ng'oma zawo. Crash ndi ride zinachokera ku mwambo wina, wa ku Turkey, umene banja la Zildjian linatchuka nawo kuyambira mu 1623 mumzinda umene lero ndi Istanbul.

Wogulitsa akakuonetsani purato yolembedwa kuti yapangidwa ku China, musafulumire kutulutsa ndalama. Ma crash ndi ma ride ambiri amapangidwanso komweko. Chimene mukufuna ndi mlomo wopindika uja.

Tsopano kalilidwe. Crash imatsegula mawu owala, tshaaa, n'kumazilala pang'onopang'ono. Ya China imati khaa! Mawu ake ndi okhakhala, ouma, olemera, ophulika nthawi imodzi n'kuzima msanga. Amene munaimapo pafupi ndi anyamata okazinga mbatatesi pamsika mukudziwa phokoso la madzi akagwera m'chiwaya cha mafuta owira: limabuka mwadzidzidzi, lokalipa, kenako zii. Kupindika kwa mlomo kuja, pamodzi ndi kusulidwa ndi hamala, kumachititsa kuti chitsulo chisanjenjemere mwadongosolo. Mawu ambirimbiri osagwirizana amatulukira pamodzi, khutu n'kusowa noti imodzi yoitsatira, mphamvu yonse n'kuthera pa kanthawi kochepa. Zikuluzikulu zimasiya kamkokomo kapansi pambuyo pa kuphulikako, zing'onozing'ono sizisiya kanthu. Ukhakhala umenewu si chilema ayi, ndiwo mukugula. Pamene kiyibodi, magitala ndi crash zonse zikuwala mofanana, liwu lokhakhalali limaboola n'kumveka palokha.

Choyamba, yezani malo amene mumaimbira

Musanaganize za dzina la kampani, ganizani za nyumba. Ambirife timaimbira m'matchalitchi a njerwa, pansi pa simenti, denga la malata lopanda siling'i. Zonsezi zimabweza mawu okwera, ndipo purato imene imamveka bwino muvidiyo yojambulidwa mu situdiyo imatha kugonthetsa mpingo wonse m'nyumba yotere.

Mapurato amayezedwa m'mainchesi, ndipo ogulitsa a kuno adzakuuzani kuti polegadas. Ya mainchesi 14 ndi masentimita pafupifupi 36 kuchoka mbali ina kufika ina, ya 16 ndi 41, ya 18 ndi 46, ya 20 ndi 51. Ngati mumaimbira m'katchalitchi ka m'mudzi kapena m'kalasi ya sukulu, khalani pa 14 kapena 16. Ngati mumasinthasintha, Lamlungu m'tchalitchi, Loweruka ku ukwati, 16 kapena 18 idzakutumikirani bwino, ndipo 18 ndiyo oimba ambiri amakhala nayo. Ya 20 isiyireni amene nthawi zambiri amaimba panja, m'misonkhano ya chitsitsimutso ya pabwalo, kumene mphepo imamwaza mawu. Ziliponso ting'onoting'ono ta 10 ndi 12, tokoma pa tizidutswa tachangu, koma ngati mugula imodzi yokha musayambire pamenepo, chifukwa bandi ikakwera sitimveka.

Kukhuthala n'kofunika mwina kuposa kukula. Yopyapyala imatseguka ngakhale mwaikhudza pang'ono, ndipo mawu ake amatsika. Yokhuthala imafuna dzanja lamphamvu kuti iyankhe, ndipo ikayankha imakuwa. Kwa woimba m'tchalitchi ndikulangiza yopyapyala, chifukwa mudzatha kupeza liwu lake lonse osaphimba kwaya.

Chachiwiri, funsani za chitsulo

Pali mitundu itatu imene mudzakumane nayo. B20 ndi mkuwa magawo 80 pa 100 wosakaniza ndi tini magawo 20, ndipo mapurato ambiri apamwamba amapangidwa ndi umenewu. B8 ndi mkuwa magawo 92 ndi tini magawo 8, maonekedwe ake ofiirira, mawu ake owala ndi olasa. Musaipeputse, poti Paiste ya ku Switzerland imapanga nayo mapurato ake otchuka otchedwa 2002. Wachitatu ndi bulasi, mkuwa wosakaniza ndi zinki, wachikasu, umene umabwera ndi mabateria otsika mtengo. Umenewu upeweni. Mawu ake ndi akufa, ndipo umapindika m'malo moyankha.

Nkhani yabwino kwa ife a matumba osaya ndi iyi: pa mapurato onse, ya China ndi imene yotsika mtengo imatha kukhala yabwino zedi. Mzinda wa Wuhan, m'chigawo cha Hubei, ndi wodziwika kalekale pa kusula mapurato, ndipo amene amagulitsidwa ndi dzina la Wuhan ndi a B20, osulidwa pamanja, otsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi a makampani akuluakulu. Oimba ambiri okhala ndi ndalama amawasankhabe chifukwa cha ukhakhala wawo. Kuipa kwake n'kwakuti awiri a saizi imodzi samveka mofanana, ndipo poti ndi opyapyala sachedwa kung'aluka m'manja mwa munthu waukali. A Zildjian, Sabian, Paiste ndi Meinl ndi osalala m'mapangidwe, ndipo ukagula umadziwiratu chimene chikubwera. Mudzaonanso ena obooledwa mabowo ambiri, monga Holy China ya Sabian. Amenewo amakuwa kwambiri, ndi a nyimbo za rock, osati a nyumba ya malata.

Chachitatu, iyeseni musanalipire

Tengani ndodo zanu zomwe mumaimbira, tengani crash yanu ngati n'kotheka, ndipo tengani mnzanu wa makutu abwino. Pachikani purato pa sitandi. Ngati palibe sitandi, lowetsani chingwe pa bowo, mangani mfundo yaikulu kunsi, mnzanuyo aigwire ili lende.

Yambani ndi kuikhudza pang'ono ndi kunsonga kwa ndodo. Yabwino imayamba kale kupuma, kutulutsa kamphepo kokhakhala. Imene imangoti ngwe, kudikira kuti muimenye mwamphamvu, idzakuvutani m'nyimbo zofatsa. Kenako imenyeni kamodzi mwa mphamvu yapakatikati, musaigwire, mvetserani mpaka mawu atheretu. Mukufuna kuphulika koonekeratu kenako kutsika kwachangu. Ngati pambuyo pake patsala noti imodzi yolira nthawi yaitali, nyiii, dziwani kuti noti imeneyo idzalimbana ndi kiyibodi Lamlungu lililonse. Mukatero menyani crash yanu, kenako iyo, mobwerezabwereza. Ziyenera kusiyana moti wina atatseka maso azidziwa imene yalira. Zikafanana, ndiye kuti mukugula crash yachiwiri. Pomaliza sinthanani: mnzanu amenye, inu mupite kutali, kumene kumakhala mpingo. Purato imamveka mosiyana kwa woimenya ndi kwa womvera, ndipo timaimbira womverayo.

Ambiri mudzagula yakale kwa woimba mnzanu, kapena mudzatuma mbale amene ali ku Beira, ku Maputo, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg. Yakale iyendereni motere. Yendetsani chikhadabo mozungulira mlomo wonse, pang'onopang'ono, ndipo chikakodwa penapake yang'anitsitsani, chifukwa mng'alu umayamba wochepa moti diso siliuona. Tulukani nayo padzuwa muyang'ane phewa lonse mbali zonse ziwiri, poti mapurato amenewa amakonda kung'alukira pamenepo, motsatira mizere yozungulira ija. Onani bowo la pakati. Liyenera kukhala lozungulira bwino. Likakhala lodyeka mbali imodzi, ndiye kuti mwini wake ankaimanga pa chitsulo chopanda chotetezera, ndipo tizing'alu tingakhale titayamba kale pamenepo. Poimenya, mvetserani ngati pali kakunjenjemera kachilendo, zzz, kochokera malo amodzi. Kudetsedwa ndi kuzilala kwa mtundu si vuto konse.

Yogula muli kutali, pemphani zithunzi za bowo, za mlomo ndi za chidindo cha kampani, komanso kulemera kwake m'magalamu. Mawu a pa WhatsApp musawakhulupirire kwambiri, chifukwa foni imafinya mawu okwera ndipo mapurato onse amamveka ofanana. Pemphani vidiyo imene akumenya purato imeneyo pamodzi ndi crash, foni ili patali, ndipo mumvetsere ndi mahedifoni.

Chachinayi, kumanga

Apa ndi pamene mapurato ambiri amafera, choncho tiyende pang'onopang'ono.

Yang'anani kumutu kwa sitandi yanu. Pa kachitsulo kamene kamalowa pa bowo payenera kukhala kapaipi ka pulasitiki, kuti mkuwa usakhudzane ndi mazinga a chitsulo. Pansi pa purato pakhale kapilo ka felt, nsalu yokhuthala yofewa, pamwamba kenanso, kenako nati. Pa mabateria ambiri a m'mipingo yathu kapaipiko kanatayika kalekale, ndipo ukachotsa purato umapeza fumbi lachikasu pa sitandi. Fumbi limenelo ndi purato yanu imene ikudyeka. Musamange yatsopano pamenepo. Kapaipi ka petulo ka njinga yamoto, kapena kalikonse ka pulasitiki kolowa mothina, dulani kotalika masentimita awiri kapena atatu, kagwira ntchito. Timapilo tikasowa, dulani tozungulira pa bulangete lakale lokhuthala, musanjikize tiwiri kapena titatu. Labala ya patapata imathandiza pa tsiku la mavuto, koma imapha mawu.

Tsopano itembenuzeni. Oimba ambiri amamanga purato ya China chadodolido, mutu kuloza pansi, ndipo kamangidwe kameneka kanafala kuyambira m'zaka za m'ma 1970, pamene anthu ankaonera oimba bateria otchuka ngati Billy Cobham. Ikakhala chotero, mlomo umaloza pansi, phewa n'kukhala pamwamba, ndodo n'kumagwera pa malo otakata. Mukaimanga mutu uli m'mwamba, mlomo wakuthwa uja umayang'anana ndi ndodo yanu. Ndodo imatha msanga, mudzaona tizipalapala ta mtengo pansi, ndipo mlomowo umalandira nkhonya iliyonse mwachindunji mpaka kung'aluka. Kumanga mutu m'mwamba kuli ndi malo ake, kwa amene amaiimba mofatsa ndi kunsonga kwa ndodo ngati ride, koma si ntchito imene ambirife tikuigulira.

Mukaitembenuza, onani kunsi. Mutu woimirira uja nthawi zina umagunda chitsulo chopendeketsera sitandi, ndipo purato imalephera kugwedezeka. Zikatero onjezani kapilo pansi kuti ikwere pang'ono.

Nati ndiye mayeso a woimba. Purato yotembenuzidwa imavina kwambiri ikamenyedwa, ndipo mtima umafuna kuimanga mpaka iime nji. Musatero. Mphamvu ya ndodo iyenera kupeza kothawira, ndipo ikapanda kuthera m'kugwedezeka imathera m'chitsulo. Mangani nati mpaka kapilo kapamwamba kakhudze purato, onjezani pang'ono chabe, kenako kankhani mlomo ndi chala. Iyenera kupendekeka momasuka n'kubwerera yokha. Ikakana, masulani.

Malo ake, kwa woimba ndi dzanja lamanja, ndi kumanja, kupitirira ride, pamwamba pa ng'oma yaikulu yoima pansi ija. Ikhale pa msinkhu wa phewa lanu mutakhala pansi, yopendekera kwa inu pang'ono, pamene dzanja lifika osadzuka pampando. Anyamata ena amaiimika chilili, m'mwamba kwambiri, chifukwa imaoneka bwino pa chithunzi. Koma purato imaponya mawu ake ambiri kumene nkhope zake ziwiri zaloza. Ikaima chilili, nkhope imodzi yaloza khutu lanu, inayo yaloza aliyense amene waima mbali imeneyo. Onetsetsani kuti kumeneko kulibe maikolofoni a oimba. Mwendo umodzi wa sitandi uloze kumene purato yapendekera, ndipo mukamaimba panja pa nthaka yosalingana, tsamiritsani mwala kapena thumba la mchenga pa miyendo.

Chachisanu, dzanja

Gwirani ndodo momasuka. Menyani ndi khosi la ndodo, pamene imayamba kuonda, osati ndi kunsonga, ndipo igwere pa phewa la purato. Musamenye molunjika ngati mukufuna kuiboola. Ndodo ibwere chammbali, ikhudze n'kupitirira, dzanja likupita kumanja kapena kubwerera kwa inu. Kamenyedwe kopsepsa kameneka kamatulutsa mawu okwanira kuposa nkhonya, chifukwa ndodo ikachoka msanga chitsulo chimanjenjemera momasuka. Yesani nokha: menyani kasanu molunjika, kasanu mopsepsa, mnzanu ali patali akuuzeni.

Purato ya China payokha ilibe thupi, imangokhala phokoso la m'mwamba. Nthawi zonse iperekezeni ndi bombo, ng'oma yoponda ndi phazi ija, kapena ndi tarola, imene anzathu a ku Malawi amati snare. Ndi bombo imalemera, ndi tarola imalasa. Ziwirizo zigwe nthawi imodzi ndendende, chifukwa purato imeneyi poti imaphulika msanga siibisa dzanja lochedwa. Phunziraninso kuitsamwitsa: menyani ndi dzanja lamanja, lamanzere n'kuigwira pa mlomo nthawi yomweyo. Pamene bandi yonse iima mwadzidzidzi, palibe chida chimene chimatseka bwino kuposa chimenechi.

Chachisanu ndi chimodzi, malo ake m'nyimbo

Mlungu woyamba mudzafuna kuimenya paliponse. Aliyense amatero. Koma liwu lake limagwira ntchito chifukwa n'lodzidzimutsa, ndipo likamveka pafupipafupi khutu limatopa nalo, anthu n'kuyamba kunena kuti bateria ikusokosa. Ndiye yambani ndi lamulo lodziikira nokha: m'nyimbo imodzi, malo awiri kapena atatu basi, osankhidwiratu pa nthawi yokonzekera.

Yambirani apa. Imbani kugunda wamba kwa 1, 2, 3, 4 pa hi-hat (mapurato awiri otsekedwa ndi phazi aja), bombo ndi tarola. Pa mzere womaliza wa vesi, pa 4, menyani purato ya China pamodzi ndi tarola, kenako crash ndi bombo pa 1 wa kolasi. Mvetserani zimene zachitika. Yoyambayo yatseka chitseko cha vesi, ndipo poti yazima msanga, crash yapeza malo oyera otsegulira kolasi. Mukazisinthanitsa, crash pa 4, mchira wake wautali umalowerera mu 1 n'kusokoneza polowera. Chitani zimenezi pang'onopang'ono mpaka dzanja lizipita lokha.

Nyimbo zathu zambiri ndi zoti mtsogoleri aponya, kwaya n'kuyankha. Apa ndi pamene ndimaikondera kwambiri purato imeneyi. Pakati pa mawu omaliza a mtsogoleri ndi oyamba a kwaya pamakhala kampata kakang'ono, kopumira. Crash ndi yaitali kwambiri pa kampata kameneko, imaphimba mawu oyamba a oyankha. Ya China imakwanamo, imalira n'kuchoka kwaya isanatsegule pakamwa. Koma musaiike pa mawu enieniwo. Anthu anabwera kudzamva uthenga, ndipo mawu a anthu amene ali ndi s, ts ndi ch amakhala m'dera lomwelo limene purato imakuwira, choncho ndiwo amayamba kusowa.

Pa sungura ndi pa rhumba, dzanja lamanja lili ndi ntchito kale pa hi-hat, ndipo kukoma kwa nyimbo kuli pamenepo. Musalichotsechotse. Dikirani pamene magitala onse amenya pamodzi n'kuima, kapena pamene woimba aitana kuti gule asinthe, ndipo ikani liwu lanu pamenepo. Pa reggae, pamene bombo ndi tarola zimagwera limodzi pa 3, yesani kuiika pa 3 yemweyo kamodzi polowa kolasi, m'malo mwa crash pa 1. Pa nyimbo zotengera magule athu, za kugunda kwa patatupatatu, penyani mapazi a ovina. Pamene onse aponda pansi mwamphamvu posintha sitepe, pamenepo ndi pake.

Mudzaona m'mavidiyo oimba rock akuimenya pa kugunda kulikonse, 1, 2, 3, 4, osalekeza. Zimenezo zimakoma pamene magitala akulira mokhakhala ndipo malo ndi aakulu. Kwa ife, zisungireni kolasi yomaliza ya nyimbo yachangu pa msonkhano wa panja, mizere inayi kapena isanu ndi itatu, anthu atayamba kale kudumpha. M'nyumba ya malata musayese.

Purato ya China ili ndi liwu linanso limene ambiri salidziwa. Kulungani kansalu kunsonga kwa ndodo ziwiri, mangani ndi mphira, ndipo m'nyimbo yofatsa yopembedza gogodani mofulumira mbali ziwiri za purato, kuyamba pansipansi n'kumakweza. Imatulutsa mkokomo wakuya umene umakula pang'onopang'ono, wosiyana kotheratu ndi khaa uja. Ya mainchesi 18 kapena 20 ndiyo imachita bwino zimenezi.

Pokonzekera, funsani atsogoleri a kwaya mosabisa kuti, "Amayi, pamene ndamenya paja mawu anu anamveka?" Yankho lawo lilemekezeni, chifukwa iwo ali kumene inu simungakhale.

Ikakula mawu, kapena mukafuna liwu lina

Ngati mwagula kale ndipo ikuposa nyumba, matani kachidutswa ka tepi yansalu, kotalika ngati chala, kunsi kwake pafupi ndi phewa. Yesani. Ikafunika, onjezani kena mbali inayo. Musapitirire tiwiri kapena titatu, chifukwa mudzapha chimene munagulira. Ndodo zopepuka zimathandizanso. Amene amasamala zokuzira mawu auzeni kuti purato imeneyi m'nyumba siifuna maikolofoni yakeyake, imalowa yokha m'maikolofoni ena onse.

Kuti mawu atalike ndi kufewa, kolekani katcheni kopepuka ka timipira tachitsulo pa nati, kagone pa purato. Kadzapereka kamluzu kotsalira. Oimba jazz anafika poboola mapurato n'kuikamo marivet, timisomali tomasuka tonjenjemera, monga swish, mtundu wina wa purato ya China, ya mainchesi 22 ya marivet 20 imene woimba bateria Mel Lewis ankadziwika nayo, koma katcheni kamachotseka pamene bowo silitsekeka. Kuti mawu afupike kwambiri, gonekani kapurato kakang'ono, splash kapena crash yakale, m'kati mwa ya China yotembenuzidwayo pa sitandi imodzi, popanda kapilo pakati. Ziwirizo zimatsamwitsana n'kumveka tchak, ngati kuwomba m'manja, ndipo nati ndiyo imasintha kutalika kwa liwulo.

Makutu anu

Izi musazidumphe. Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amati phokoso la madesibelo 85 (muyeso wa kukula kwa phokoso) munthu angakhalemo maola 8 pa tsiku, koma la 100 ndi mphindi 15 zokha, ndipo purato yomenyedwa mwamphamvu pafupi ndi mutu imafika pamenepo n'kupitirira. Khutu la mbali imene kuli purato ndilo limalandira phokoso lake kwambiri. Mukamva kulira m'khutu usiku mutaweruka, limenelo ndi chenjezo, ndipo kumva kukatayika sikubwerera. Totsekera m'makutu ta siponji, ngati timene amavala ogwira ntchito m'migodi ya malasha ku Moatize, n'totsika mtengo ndipo timakwanira. Ana amene amakonda kuunjikana pafupi ndi bateria m'tchalitchi asunthireni kumbali ina, chifukwa mitu yawo imakhala pa msinkhu wa purato.

Kunyamula, kutsuka ndi mng'alu

Chifukwa cha mlomo wake, purato ya China sigona bwino pamodzi ndi zinzake. Mukaiika pansi pa mulu, kulemera kwa ride ndi crash kumatsamira pa phewa, ndipo pa msewu wa mabampu, pa chapa kapena kumbuyo kwa njinga yamoto, ndi pamene imapindikira kapena kuyamba mng'alu. Ikulungeni payokha m'chitenje kapena m'thaulo, ikhale pamwamba pa zonse, ndipo pa chapa muinyamule pamiyendo, osalola kuti iponyedwe kumbuyo pamodzi ndi matumba a chimanga. Musaiimike ndi mlomo pa simenti. Kakumbika kakang'ono pa mlomo ndiko chiyambi cha mng'alu. Kakachitika, kasalazeni msanga ndi sandipepa yosalala kwambiri, pa mlomo pokhapo.

Mukatha kuimba ipukuteni ndi nsalu youma, makamaka kumene mumaigwira poitsamwitsa, chifukwa thukuta la miyezi yotentha ya October ndi November, makamaka kumunsi ku Tete, limasiya mawanga obiriwira pa mkuwa. Fumbi likachuluka, madzi ofunda ndi sopo pang'ono, nsalu yofewa, kutsatira mizere yozungulira, kenako kuumitsa bwinobwino. Mchenga, phulusa ndi waya wokwechera mapoto zisayandikire, zimadya mizere imene imapanga mawu. Kuda kwa ukalamba kusiyeni, pa purato iyi kumangowonjezera kuuma kwa liwu.

Mng'alu ukapezeka, lekani kuimenya tsiku lomwelo. Funani pamene wathera, pogwiritsa ntchito tochi ya foni, chifukwa nthawi zambiri umapitirira pamene diso likuonera. Lembani kadontho patsogolo pang'ono pa mapeto akewo, ndipo boolani kabowo ka mamilimita atatu, mofatsa, purato itagona pa thabwa. Kabowoko kamaletsa mng'alu kuyenda. Ngati uli pa mlomo, mmisiri wa zitsulo angadule kachigawoko mozungulira, osasiya ngodya yakuthwa, n'kusalaza, akudula pang'onopang'ono ndi kuthira madzi kuti pasatenthe. Kwa owotcherera musapite nayo. Moto umasintha kulimba kwa mkuwa, ndipo imabwerako yopanda mawu, yosachedwa kuswekanso pambali pa chowotchereracho. Mukaikonza, itembenuzeni pa sitandi kuti malo ovulalawo akhale kutali ndi ndodo. Ikang'aluka moti sikonzekanso, musaitaye, igonekeni pamodzi ndi crash yakale pa sitandi imodzi monga tafotokozera, ndipo nati muimange molimbirapo kuti zidutswa zisamagundane momasuka.